Mafunso a Owerenga: Triceratops wa mu Gemu ndi Triceratops wa M'miyala

Mwezi uno makalata angapo ochokera m'boma la Mangochi abwera ndi nkhani imodzi, ya nyama ya nyanga zitatu yotchedwa Triceratops, imodzi mwa nyama zamakedzana zimene zimatchedwa madinosaur, imene achinyamata ambiri akuidziwira mu gemu ya pakompyuta ya Jurassic World Evolution. Tasankha makalata asanu ndipo tawafupikitsa kuti mayankho apeze malo okwanira.

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa Fomu 3 pano pa Mangochi boma. Kwa achimwene anga kuli kompyuta imene timasewerapo gemu ya Jurassic World Evolution, momwe munthu amamanga paki yake n'kumawetamo madinosaur kuti alendo azilipira podzawaona. Nyama imene ndimaikonda kwambiri ndi Triceratops, koma mnzanga akuti ndi yongopeka ya anthu opanga mafilimu. Kodi nyamayi inalikodi, nanga inkaoneka monga momwe ikuonekera mu gemu? Wophunzira, Mangochi boma.

YANKHO: Mphwanga, mnzakoyo umuuze mofatsa kuti walakwitsa, chifukwa Triceratops ndi imodzi mwa nyama zakale zimene mafupa ake apezeka ochuluka zedi, ndipo anthu anayamba kuwafukula kusanabwere makompyuta ngakhale mafilimu a nyama zoterezi. Mu 1887, pafupi ndi mzinda wa Denver ku Colorado m'dziko la America, kunapezeka nyanga ziwiri zikuluzikulu zosanduka mwala, ndipo zitatumizidwa kwa katswiri wa mafupa akale wa ku yunivesite ya Yale, Othniel Charles Marsh, iye anaganiza kuti ndi za njati yaikulu ya kumeneko imene inatha kalekale, n'kuipatsa dzina loti Bison alticornis. Pasanapite nthawi yaitali, munthu amene ankamufukulira mafupa, John Bell Hatcher, anakatenga chigaza cha nyamayi chimene chinapezeka ku Wyoming, ndipo Marsh atachiona anazindikira kuti mwini nyangazo sanali njati ayi. Mu 1889 anatcha nyamayo Triceratops horridus, ndipo m'zaka zochepa zotsatira Hatcher yekha anatumiza ku Yale zigaza zoposa 30.

Nyamayi inakhalako zaka zapakati pa 68 miliyoni ndi 66 miliyoni zapitazo, kumadzulo kwa North America, m'madera amene lero ndi Montana, Wyoming, North Dakota, South Dakota ndi Colorado, komanso Alberta ndi Saskatchewan ku Canada. Malo otchuka kwambiri ndi miyala yotchedwa Hell Creek, imene kale inali matope ndi mchenga wa m'zigwa za mitsinje. Triceratops anali m'gulu la madinosaur omaliza, amene analipo pamene chimwala cha m'mlengalenga, chachikulu pafupifupi makilomita 10, chinagwa ku Chicxulub ku Mexico zaka 66 miliyoni zapitazo.

Pa maonekedwe a thupi, anthu a kampani ya Frontier Developments ya ku Cambridge ku England, amene anatulutsa gemuyi mu 2018 ndi yachiwiri yake mu 2021, sanasokere kwenikweni. Triceratops wamkulu ankatalika mamita 8 mpaka 9 kuchokera kumlomo kukafika kumchira, ndipo akatswiri amayerekeza kuti ankalemera matani 6 kapena kuposerapo, kutanthauza kuti ankafanana kapena kuposa njovu yamphongo yaikulu kwambiri ya ku Liwonde. Chigaza chokha chinkapitirira mamita awiri, chifukwa kumbuyo kwake kunali chishango cha fupa chophimba khosi. Nyanga ziwiri za pamwamba pa maso zinkafika mita imodzi, ndipo imeneyo ndi mbali ya fupa yokha, pakuti nyamayo ili moyo fupalo linkakutidwa ndi chikhungwa cholimba chimene chinkaitalikitsa nyangayo. Nyanga yachitatu, ya pamphuno, inali yaifupi. Ku Melbourne Museum ku Australia, kuyambira 2022, akuonetsa mafupa a Triceratops mmodzi wa ku Montana amene apezeka pafupifupi 85 peresenti ya mafupa onse a thupi lake, choncho pa kaimidwe ka nyamayi palibe zambiri zoti munthu apeke.

Mbali imene ine imandichititsa chidwi koposa nyanga ndi m'kamwa, ndipo ndi mbali imene gemu singakuonetse bwino. Kutsogolo nyamayi inali ndi mlomo wosongoka, wopanda mano, wothyolera zomera. M'kati, mbali iliyonse ya nsagwada inali ndi mizere ya mano yapakati pa 36 ndi 40, ndipo pamzere uliwonse mano atatu mpaka asanu ankakhala mosanjikizana, lapamwamba likugwira ntchito, ena akudikira pansi kuti likatha alowe m'malo. Ukawerenga onse, nyama yaikulu inkatha kukhala ndi mano okwana 800. Mano a m'mwamba ndi a m'munsi ankapitirirana m'mbali n'kumadula zomera zolimba m'malo mozipera, ndipo popeza mutu unali wolemera ndiponso wotsika, chakudya chake chinali zomera zapansi ndi zitsamba. Ngakhale khungu lake tikulidziwa pang'ono, chifukwa Triceratops wina wa ku Wyoming, amene ali ku Houston Museum of Natural Science, anasiya chidindo cha khungu pamwala, ndipo chikuonetsa mamba akuluakulu osasanjikizana, ena ali ndi kansonga pakati.

Koma pali zinthu zimene uyenera kudziwa kuti anasankha ndi ojambula a gemu. Mtundu wa khungu, mizere yake, ndi kulira kwa nyamayo sizinachokere m'mafupa. Madambo a udzu amene gemu yoyamba imafuna kuti uikire nyamayi kunalibe m'nthawi ya Triceratops, chifukwa ngakhale udzu unali utayamba kupezeka padziko, unadzafalikira n'kukhala madambo patapita zaka mamiliyoni ambiri. Dziko la Triceratops linali lofunda, lachinyezi, la nkhalango ndi zithaphwi za m'mbali mwa mitsinje. Ndipo ukaika Stegosaurus, dinosaur wina wodya zomera, m'paki imodzi ndi Triceratops, udziwe kuti nyama ziwirizi sizinaonanepo, pakuti Stegosaurus anakhalako zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo, ndipo nthawi imene ili pakati pa iye ndi Triceratops ndi yaitali kuposa imene ili pakati pa Triceratops ndi iwe.

FUNSO: Akonzi, mu gemuyi ndikaika Triceratops m'khola limodzi ndi nyama zodya zinzake amamenyana mpaka wina kufa, ndipo khola likachepa kapena nyama zikachuluka, amagunda mpanda n'kutuluka kukavulaza alendo. Kodi asayansi anadziwa bwanji khalidwe lotere pamene ali ndi mafupa okha? Wosewera gemu, Monkey Bay.

YANKHO: Achimwene, funso lanu ndi limene lafika pamtima pa nkhani yonseyi, ndipo ndiliyankha mosathamanga. Pa chilichonse chimene mukuona nyamayo ikuchita mu gemu, muzidzifunsa ngati chinalembedwa pafupa penipeni, ngati akatswiri anachiganizira poyerekeza ndi nyama zamoyo, kapena ngati opanga gemu anachiika kuti wosewera akhale ndi chochita. Zitatuzi gemu imazionetsa mofanana, zonse zokhala ndi manambala ooneka ngati otsimikizika, ndipo apa ndi pamene wosewera amasokonezeka.

Tiyambe ndi kumenyana, chifukwa pamenepa umboni ulipo ndithu. Fupa la nyama yamoyo likavulala limachira n'kusiya chipsera, ndipo chipseracho chimatsala ngakhale fupalo litasanduka mwala. Mu 2009, Andrew Farke ndi anzake awiri anafalitsa kafukufuku amene anawerenga zipsera pa zigaza zambiri za Triceratops n'kuziyerekeza ndi za Centrosaurus, wachibale wake amene anali ndi nyanga zazifupi pamwamba pa maso ndi yaitali pamphuno. Anapeza kuti fupa la m'mbali mwa chishango linali lovulala kawirikawiri mwa Triceratops kusiyana ndi mwa Centrosaurus, ndipo malo ovulalawo ndi amene nyanga ya Triceratops mnzake ikanafikapo ngati awiri akolanitsa nyanga n'kumakankhana. Triceratops wina wamkulu kwambiri wa ku South Dakota, amene anamupatsa dzina loti Big John, ali ndi chibowo pachishango, ndipo akatswiri amene anapima fupalo mu 2022 anaona kuti linali litayamba kuchira nyamayo isanafe, ndiponso kuti kukula kwa chibowocho kukugwirizana ndi nyanga ya Triceratops wina. Choncho umboni wamphamvu kwambiri umene tili nawo ndi wakuti nyamazi zinkamenyana zokhazokha, mwina polimbirana malo kapena zazikazi.

Nanga za Tyrannosaurus, dinosaur wamkulu wodya nyama zinzake? Nyama ziwirizi zinakhaladi nthawi imodzi ndi m'dera limodzi, ndipo kuti Tyrannosaurus ankadya Triceratops n'zosakayikitsa. Mu 1996, Gregory Erickson ndi Kenneth Olson anafotokoza fupa la m'chiuno la Triceratops la ku Montana limene linali ndi mabala a mano pafupifupi 80. Komabe mabala otere sakutiuza ngati nyamayo inaphedwa kapena inapezedwa itafa kale. Umboni wosonyeza kukumana kwa nyama ziwiri zamoyo ndi wochepa, ndipo wodziwika bwino ndi chigaza china chimene nyanga yake inalumidwa n'kuthyoka koma fupalo n'kuchira, kusonyeza kuti Triceratops ameneyo anapulumuka. N'zomveka kuganiza kuti nyama yokhala ndi nyanga za mita imodzi inkadziteteza nazo, koma ndewu zokonzeka bwino za mu gemu, zoti awiri ayang'anizane n'kumasinthana kumenya, ndi zosangalatsa wosewera chabe. Nyama zolusa za lero zimasankha ana, odwala ndi okalamba, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti zakale zinkachita mosiyana.

Pali umboni wina wosonyeza kuti nyanga ndi chishango sizinali zida zokha. Jack Horner ndi Mark Goodwin, mu 2006, anandandalika zigaza za Triceratops kuyambira cha mwana wamng'ono mpaka cha wamkulu, ndipo anaona kuti mwana amayamba ndi timinyanga tating'ono, akamakula nyanga zimapindikira kumbuyo, kenako akafika pauchikulire zimatembenukira kutsogolo. Nyanga yopindikira kumbuyo si chida chabwino chobayira, motero akatswiri ambiri amaganiza kuti maonekedwe a mutu ankathandizanso nyamazi kuzindikirana msinkhu ndi mphamvu popanda kukhetsa magazi.

Pa za kukhala m'magulu, gemu imapatsa mtundu uliwonse manambala a anzake amene ungapirire m'khola, ndipo manambala amenewo ndi a opanga gemu basi. Zimene miyala ikuonetsa n'zakuti achibale ena a Triceratops, monga Centrosaurus ndi Pachyrhinosaurus a ku Alberta, amapezeka atafera pamodzi mazanamazana, zomwe zikusonyeza kuti ankayenda m'magulu akuluakulu, pamene Triceratops nthawi zambiri amapezeka yekhayekha. Pali malo ochepa amene apezeka angapo: ku Montana kunapezeka ana atatu pamodzi, zimene zinafalitsidwa mu 2009, ndipo a nyumba yosungiramo zachilengedwe ya Naturalis ya ku Leiden ku Netherlands, amene anayamba kufukula ku Wyoming mu 2013, anapeza asanu pamalo amodzi. Mwina nyamayi inkakhala m'timagulu ting'onoting'ono pa nthawi zina za moyo wake.

Za mpanda, n'zodziwikiratu kuti palibe Triceratops amene anaonapo waya, koma sindingainyoze gemu pa mfundo imeneyi, chifukwa phunziro lake ndi loona ndipo anthu a ku Mangochi analiphunzira ndi misozi. Nyama yaikulu yodya zomera ikasowa malo ndi chakudya imatuluka kukachifuna kumene kuli anthu. Njovu za ku Phirilongwe zinkawononga minda ndi kupha anthu kwa zaka zambiri mpaka mu 2009 pamene njovu 83 zinasamutsidwira ku Majete, ndipo bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa paki ya Liwonde mu 2015, imodzi mwa ntchito zake zoyamba inali kumanga mpanda wamagetsi kuzungulira paki, kenako n'kuchepetsa chiwerengero cha njovu pozisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 komanso ku Kasungu mu 2022. Kugonetsa nyama ndi mankhwala kuchokera mu helikopita, kumene mumachita mu gemu ndi batani limodzi, ndi ntchito yeniyeni ya madokotala a nyama, yodula ndiponso yoopsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mu gemu mlendo akavulala mumangotaya ndalama, pamene kuno munda ukadyedwa banja limagona ndi njala chaka chonse.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina kuno ku Namwera. Ana anga akuti mu gemuyi munthu amatumiza ofukula kukatenga mafupa, n'kuchotsamo DNA, ndipo ikakwana theka amaswetsa dinosaur wamoyo. Akundifunsa ngati zimenezi n'zotheka, ndipo ndikufuna kuwayankha ndi mfundo zogwirika. Mphunzitsi, Namwera.

YANKHO: Aphunzitsi, ana anuwo afotokoza gemuyo molondola, ndipo yankho loti muwapatse ndi lakuti n'zosatheka, pa zifukwa zimene zili m'maphunziro anu omwe. Ganizo limeneli linachokera m'buku la Michael Crichton la Jurassic Park la mu 1990 ndi filimu yake ya mu 1993, ndipo gemu inangolitengera kumeneko.

DNA ndi chingwe chachitali cha timagawo tolumikizana, ndipo nyama ikangofa chingwecho chimayamba kudukaduka chifukwa cha madzi, kutentha ndi tizilombo toola. Mu 2012, akatswiri amene anapima mafupa a mbalame zakale za ku New Zealand zotchedwa moa anapeza kuti, pa kutentha kwa malo amenewo, theka la zolumikizira za DNA linkaduka pa zaka 521 zilizonse. Kuzizira kumachedwetsa kudukaku, n'chifukwa chake DNA yakale kwambiri imachokera kumalo a madzi oundana: mu 2021 anawerenga DNA ya m'mano a njovu zaubweya za ku Siberia za zaka zoposa miliyoni imodzi, ndipo mu 2022 anapeza tizidutswa ta zaka pafupifupi 2 miliyoni m'dothi la kumpoto kwa Greenland. Mukawauza anawo kuti agawe 66 miliyoni ndi 2 miliyoni pabolodi, adzaona okha kuti Triceratops ndi wakale kuwirikiza maulendo 33 kuposa DNA yakale kwambiri imene yapezekapo, ndiponso kuti iye anafera kumalo ofunda ndi onyowa, kumene DNA imawonongeka msanga.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti fupa limene ofukula amatulutsa silikhala monga linalili pa imfa ya nyamayo, pakuti madzi a pansi pa nthaka amakhala atadzaza timipata take ndi mchere wa m'miyala kwa zaka mamiliyoni. Mfundo yachitatu ndi imene ana anzeru adzaifunsa okha: ngakhale munthu atapeza theka la DNA, theka linalo angalitenge kuti, nanga dzira lokulitsiramo mwanayo lingachokere kwa nyama iti? Mbalame ndi zimene zatsala mwa madinosaur, koma zinachokera ku nthambi ya madinosaur oyenda ndi miyendo iwiri, achibale a Tyrannosaurus, pamene nthambi ya Triceratops inatheratu osasiya mdzukulu.

Ndikupempheni kuti musawaletse anawo gemuyo chifukwa cha bodza limeneli, koma muligwiritse ntchito ngati khomo lolowera phunziro la DNA. Gemuyi ili ndi mbali imodzi yoona pa nkhani ya ofukula, yakuti mtundu uliwonse umapezeka m'miyala yakeyake, ndipo mayina monga Hell Creek ndi Lance amene anawo amawaona pamapu a mu gemu ndi mayina enieni amene angawapeze m'mabuku.

FUNSO: Akonzi, mdzukulu wanga anandionetsa chithunzi cha nyamayi pafoni, ndipo ine ndinati ndi chipembere cha makedzana. Kodi si kholo la zipembere zimene zili ku Liwonde? Ndipo kodi nyama zotere zinakhalapo kuno kwathu? Mlimi, m'mbali mwa nyanja ya Malombe.

YANKHO: Bambo, ambiri amene amaona chithunzi chimenecho koyamba amaganiza monga inu, chifukwa nyama zonse ziwiri ndi zazikulu, zodya zomera, za miyendo inayi yolimba ndi nyanga pamphuno. Komabe palibe chibale chapafupi pakati pawo. Chipembere ndi nyama yoyamwitsa, imene achibale ake ndi hatchi, bulu ndi mbidzi, ndipo makolo ake anaonekera madinosaur atatha kale. Triceratops anali wa gulu loikira mazira, ndipo mwa zamoyo za lero achibale ake apafupi ndi mbalame, kenako ng'ona. Nyanga zawonso n'zosiyana kapangidwe: ya chipembere ilibe fupa m'kati, yonse ndi ya chinthu chimene chimapanganso zikhadabo ndi tsitsi, pamene ya Triceratops inali fupa lotuluka m'chigaza lokutidwa kunja. Nyama zosiyana makolo zimatha kufanana maonekedwe ngati moyo wawo ukufuna zinthu zofanana, ndipo apa n'zimene zinachitika. Zipembere za ku Liwonde nazo zili ndi mbiri yake, pakuti zinali zitatha m'dziko muno ndipo zinabwezeretsedwa kuchokera ku South Africa kuyambira mu 1993, ndipo zina 17 zinafika mu 2019.

Pa funso lachiwiri, Triceratops sanapondepo dothi la Africa. Pa nthawi imene iye ankakhalako, nyanja ya Atlantic inali itatseguka kale n'kulekanitsa Africa ndi America, ndipo banja lake la nyanga zikuluzikulu limapezeka pafupifupi lonse kumadzulo kwa North America, kupatula Sinoceratops amene anapezeka ku Shandong ku China n'kulengezedwa mu 2010.

Koma dziko lathu lili ndi madinosaur ake, ndipo zimandipweteka kuti ana athu amadziwa mayina a nyama za ku Montana osadziwa za ku Karonga. M'dera la Mwakasyunguti m'boma la Karonga muli miyala ya nthawi ya madinosaur, yakale kuposa ya Triceratops ndi zaka mamiliyoni ambiri. Mafupa oyamba a kumeneko anafotokozedwa mu 1928 ndi Sidney Haughton, amene anaika m'dzina la nyamayo dzina la Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, ndipo ofukula atabwereranso kumaloko n'kupeza mafupa ambiri, Louis Jacobs ndi anzake anaitcha Malawisaurus dixeyi mu 1993. Imeneyi inali nyama yodya zomera, ya khosi lalitali ndi mchira wautali, yopanda nyanga. Mmodzi mwa amene anagwira ntchitoyo ndi Mmalawi, Dr Elizabeth Gomani, amene mu 1997 anafotokoza kang'ona kakang'ono kakale kotchedwa Malawisuchus, ndipo mu 2005 anatcha dinosaur wina Karongasaurus. Chifanizo cha mafupa onse a Malawisaurus chaimikidwa mu Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Ulendo wochokera ku Malombe kukafika ku Karonga ndi wautali ndipo ndi wodula, koma sukulu zimene zimatha kusonkha ndalama za ulendo wa ana ziyenera kuuganizira.

Ndionjezerepo chenjezo limodzi, popeza inu alimi ndi amene mumatembenuza nthaka. Big John amene ndamutchula pamwambapa anagulitsidwa pa okushoni ku Paris mu 2021 pa mtengo wa mayuro 6.6 miliyoni, ndipo nkhani zotere zimachititsa anthu kuganiza kuti fupa lililonse lakale ndi chuma. Ku America zimatheka chifukwa malamulo awo amalola mwini malo kugulitsa mafupa opezeka pamalo ake, ndipo akatswiri ambiri amadandaula nazo chifukwa mafupa akalowa m'nyumba ya munthu wolemera amatha kusowa kwa ofufuza. Kuno kwathu zinthu zotere zimatetezedwa ndi lamulo ngati chuma cha dziko. Munthu akapeza fupa losanduka mwala asalizule, chifukwa malo amene lagona ndi dothi lolizungulira ndi zimene zimauza akatswiri zaka zake. Ajambule chithunzi, adziwitse amfumu, ndipo nkhaniyo ifike ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, imene pano pa Mangochi ili ndi Lake Malawi Museum pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi.

FUNSO: Akonzi, ndinawerenga pa Facebook kuti asayansi anapeza kuti Triceratops kunalibe, koma anali mwana wa nyama ina yotchedwa Torosaurus. Mu gemu nyama ziwirizi zilimo padera. Zoona ndi ziti? Wowerenga, Makawa.

YANKHO: Achemwali, nkhani imeneyi yakhala ikuzungulira kuyambira 2010, ndipo amene anailemba pa Facebook anaitembenuza. M'chaka chimenecho John Scannella ndi Jack Horner ananena kuti Torosaurus, amene ali ndi chishango chachitali chokhala ndi mabowo awiri akuluakulu, angakhale Triceratops wokalamba kwambiri amene chishango chake chinatalika n'kupyapyala mpaka kubooka. Ankatengera mfundo yakuti nyama ziwirizi zimapezeka m'miyala yofanana, kuti Torosaurus amapezeka mwa apo ndi apo, ndiponso kuti fupa la chishango cha Triceratops limaonetsa kuti linkasinthabe ngakhale nyamayo itakula. Ngakhale ganizo lawo litakhala loona, dzina limene lingafafanizidwe ndi la Torosaurus, chifukwa lamulo la mayina a zamoyo limasunga dzina loyamba, ndipo Marsh anatcha Triceratops mu 1889 koma Torosaurus mu 1891.

Akatswiri ena anatsutsa ganizoli. Mu 2012, Nicholas Longrich ndi Daniel Field anapima kulumikizana kwa mafupa a zigaza kuti adziwe msinkhu wa nyama iliyonse, ndipo anapeza a Torosaurus ena amene anali asanakhwime komanso a Triceratops ambiri amene anali okalamba ndithu chishango chili chosabooka, zomwe sizikanatheka ngati wina anali chabe ukalamba wa mnzake. Anasonyezanso kuti zigaza za pakatikati, zoonetsa chishango chikuyamba kubooka, n'zosowa. Lero akatswiri ambiri amazitengabe ngati nyama ziwiri zosiyana, ndipo pa mfundo imeneyi opanga gemu anatsatira gulu lalikululo poika Torosaurus m'khola lakelake.